Lamba wa Pachishalo ndi Moyo wa Mphwathu

Linali Lachisanu m'mwezi wa Juni, nyengo imene dzuwa la ku Gauteng limalowa isanakwane hafu pasiti faifi. Tinali pakalikiliki kuti Sabata litipeze titasamba. Mahatchi tinali titawamwetsa, udzu wouma tinali titausendezera kufupi ndi makola kuti mawa lake pasakhale zonyamula, ndipo chimene chinatsala ndi kupukuta zishalo n'kuzipachika. Tikupukuta chishalo chakale chimene antchito timakwerera, chala chathu chinakodwa pa mng'alu wa lamba wa kumanzere, pabowo pomwe pamalowa lilime la chomangira. Titamupinda lambayo, mng'aluwo unayasama. Tinayang'ana dzuwa, tinayang'ananso lamba, ndipo tinanena chamumtima kuti tiona Lolemba. Chishalocho tinachipachika pamalo pake a masiku onse.

Kwathu ndi ku Thyolo, koma takhala ku South Africa zaka 12 tikugwira ntchito yosamalira mahatchi. Ambiri kumudzi sadziwa kuti m'makola a mahatchi ozungulira Kyalami, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, muli Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe ochuluka ndithu. Timadzuka kusanache, kuchotsa ndowe, kudyetsa, kupesa, kumanga zishalo, ndipo ena mwa ife timakweranso mahatchi kuti aongole miyendo eni ake akatanganidwa. Kumpingo tinasankhidwa kutumikira m'dipatimenti ya zaumoyo. Ndife timayeza abale kuthamanga kwa magazi, ndife timaima kutsogolo n'kumati kupewa kumaposa kuchiza. Ndiye mutha kuona kuti nkhani ino siyophweka kuilemba. Taganiza zoilemba chifukwa tikudziwa mabanja ambiri a mumpingo amene ali ndi bambo, mwana kapena mlamu pa ntchito ngati yathuyi, komanso pali ana athu amene masiku ano akuphunzira kukwera hatchi kusukulu ndi kumisasa ya achinyamata.

Lamba amene tikunena

Kwa amene sanayandikirepo hatchi, tifotokoze. Mbali zonse ziwiri za chishalo kumalendewera chitsulo chopondapo phazi, chimene kuntchito timangochitchula kuti sitirapu. Chitsulocho chimalendewera pa lamba wachikopa, wotambalala ngati zala ziwiri za mwana, amene amakoleka pa kachitsulo kobisika m'mwamba mwa chishalo. Wokwera akamakwera, thupi lake lonse limatsamira pa lamba mmodzi wa kumanzere. Hatchi ikayamba kuthamanga, munthu amanyamuka n'kukhala, kunyamuka n'kukhala, ndipo nthawi iliyonse malamba awiriwo amakokedwa ndi kulemera kwake konse. Hatchi yaikulu imalemera makilogalamu pafupifupi 500, mutu wa wokwera umakhala mamita oposa awiri kuchokera pansi, ndipo ngakhale liwiro lapakatikati limafika makilomita 20 pa ola.

Okwera akavalo amene timawerenga m'Baibulo analibe zopondapo. Zopondapo ziwiri ngati za lerozi zinayamba kuoneka ku China m'zaka za m'ma 300, patapita nthawi yaitali atumwi onse atagona. Anthu akalewo ankadalira ntchafu zawo. Wokwera wa lero amakhulupirira lamba, ndipo sakhala wokonzeka kuti lambayo angamusiye.

Malamba amene anali pachishalo chija tinagula ndife. Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, abwana anatipatsa ndalama kuti tikagule atsopano. Kusitolo ya zipangizo za mahatchi mtengo unatidula mawondo. Pobwerera tinapeza munthu akugulitsa zamahatchi pa tebulo pamsika, malamba onyezimira, akuda bii, pamtengo wosafika theka. Tinagula, chenje tinakabweza yonse, ndipo abwana anatiyamikira. Usiku umenewo tinauza mayi a kunyumba kuti ukapitawo wabwino ndi umenewu.

Mmawa wa tsiku loyamba la mlungu

Tili ndi mphwathu, mwana wa mlongo wathu, mnyamata wa zaka 20. Anabwera chaka chatha atalemba mayeso a Fomu 4, ndipo tinamupezera malo pa khola lomwelo. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Tsiku limene amakwera basi ku Blantyre, mayi ake anatiimbira n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayo ndakupatsani." Mnyamatayo anazolowerana ndi mahatchi msanga kuposa ife, ndipo posakhalitsa anayamba kuloledwa kukwera.

Sabata litatha, mmawa wa tsiku loyamba la mlungu, ife tinatumidwa kukatsitsa matumba a chakudya cha mahatchi. Mphwathu anatenga chishalo chija pamalo pake, namanga pa hatchi yofatsa kwambiri pa khola lonse, nalowa m'bwalo lamchenga. Anzathu amene anaona akuti anazungulira kawiri bwinobwino. Kachitatu, hatchi itawonjezera liwiro pokhota, lamba wa kumanzere anaduka pa bowo lija. Mnyamata anapendekera kumanzere, nagwa cha phewa, mutu n'kumenya thabwa la mpanda.

Tinamupeza ali chigonere, maso ali tong'o, akufunsa funso limodzi mobwerezabwereza: "Malume, chachitika n'chiyani?" Timamuyankha, pakapita kamphindi afunsanso. Anzathu awiri anafuna kumudzutsa kuti amukhazike pamthunzi, ndipo apa pokha ndi pamene maphunziro a kumpingo anatithandiza. Tinawaletsa, tinagwada kumutu kwake n'kuugwira ndi manja awiri kuti khosi lisagwedezeke, wina n'kuimba ambulansi. Kuchipatala anapeza kuti fupa lochoka pansi pa khosi kupita ku phewa lathyoka, ndipo ubongo unagwedezeka. Khosi ndi msana zinali bwino. Helemeti yake inang'ambika mbali imodzi. Adokotala ataiona anangoti tiisunge kuti tizionetsa ena.

Tili pa benchi ya chipatala, mtima unayamba kufunafuna woti umuloze chala. Unaloza wogulitsa wa pamsika. Unaloza abwana amene amasiyira antchito zishalo zakale. Unafuna ngakhale kuloza Sabata, kuti likanapanda kutifulumizitsa bwenzi titakonza. Koma pamenepa tinadzigwira. Sabata silinatipemphe kusoka lamba. Chimene chinafunika Lachisanu lija chinali kusolola lamba wong'alukayo pachishalo n'kumuika m'thumba lathu, ntchito ya mphindi imodzi. Chishalo chopanda lamba palibe akanachikwera. Mphindi imeneyo tinali nayo.

Zimene anatiphunzitsa wosoka zishalo

Patapita masiku atatu tinatenga zidutswa ziwiri za lamba uja kupita nazo kwa mdala wina wosoka zishalo, amene wagwira ntchitoyi kuyambira tisanabadwe. Anatenga mpeni, nacheka lambayo, natipatsa kuti tione mkati. Munali zigawo zopyapyala zomatidwa ndi guluu, zotuwa ngati katoni, pamwamba atapaka utoto wonyezimira. Kenaka anatsitsa lamba wake wakale wa zaka zambiri, nacheka kansonga, natipatsanso. Chinali chikopa chimodzi kuchoka kuseri kufika kumaso, cholimba ngati mtima wa mtengo. Anatikhazika pansi masana onse. Zimene tilembe apa ndi zimene tinaphunzira tsiku limenelo ndi zimene taziona ndi maso athu chiyambire.

Choyamba ndi chikopa. Chikopa cha ng'ombe sichifanana paliponse. Cha kumsana, kufupi ndi fupa la msana kulowera kumatako, n'chothinana ndipo n'champhamvu. Cha kumimba n'chotakasuka, chimatamuka msanga. Malamba a zopondapo oyenera amachekedwa kumsana, ndipo opanga osamala amacheka awiriwo moyandikana pa chikopa chimodzi kuti azitamuka mofanana. Pogula, yang'anani m'mphepete ndi kunsonga kwa lamba. Muone ngati ndi chikopa chimodzi, chochindikala mamilimita 4 kapena 5, mofanana kuyambira kuchomangira mpaka kumapeto. Mupindeni mwamphamvu cha kuno ndi cha uko. Chikopa chabwino chimachita makwinya ang'onoang'ono n'kubwerera, chachabe chimaonetsa timing'alu kapena utoto umayamba kusupuka. Mununkhizeni. Chikopa chimanunkhira chikopa, chomatamata chimanunkha pulasitiki ndi mankhwala. Musadabwe mukapeza malamba ena abwino ali ndi mbali yosalala mkati. Osoka akale amatero dala, chifukwa mbali imene kunali ubweya ndiyo yolimba, ndipo amafuna kuti ndiyo izikhulana ndi chitsulo.

Malamba alipo a mitundu ingapo. Pali a chikopa cha ng'ombe chokhachokha, amene akasamalidwa amakhala zaka zambiri, ngakhale amatamuka pang'ono akakhala atsopano. Pali ofiira a chikopa cha njati, ovuta kwambiri kuduka koma otamuka kwambiri, kotero amafuna kuwayeza kawirikawiri. Pali okhala ndi nayiloni mkati atakutidwa ndi chikopa chofewa. Amenewa satamuka kwenikweni ndipo ndi ofewa kumwendo, koma chikopa cha pamwambacho chikayamba kuperepeseka muyenera kuwaunika bwino, poti zimene zikuchitika mkati simuziona. Palinso opanda chikopa n'komwe, a ulusi wa fakitale, otsika mtengo, osaopa mvula, oyenera zishalo zimene nazonso si zachikopa, chifukwa pa chishalo chachikopa amatha kuchikanda. Mdala uja anati munthu wa ndalama zochepa ndi bwino agule a ulusi ochokera kwa opanga odziwika kusiyana n'kugula chinthu chonamizira chikopa.

Chachiwiri ndi msoko wa pachomangira. Apa ndi pamene malamba ambiri amagonjera. Msoko uyenera kutsata utali wa lamba, mizere iwiri kapena itatu, ulusi wochindikala wopakidwa phula, wothinana mofanana. Msoko wopingasa lamba ndi woopsa, chifukwa timabowo ta singano timapanga mzere wong'ambira, monga zimakhalira pa buku la malisiti. Kokani chomangira ndi dzanja limodzi, lamba ndi dzanja lina. Mukaona mpata ukutseguka kapena ulusi ukutuluka, musiyeni pomwepo.

Chachitatu ndi chomangiracho. Chikhale cha chitsulo chosachita dzimbiri chimene m'sitolo amalemba kuti stainless steel. Zomangira za nickel zimaoneka zokongola koma n'zofewa, zimapindika ndipo zimatha kuthyoka. Yendetsani chala m'mphepete monse. Pakakhala pakuthwa, pamenepo padzadya chikopa tsiku ndi tsiku. Lilime lake likhale lowongoka, lokhala bwino pakati.

Chachinayi ndi mabowo. Akhale pakatikati pa lamba, osalala m'mphepete, otalikirana mofanana, ndipo mukagundanitsa malamba awiriwo mabowo azigwirizana. Ambiri amatalikirana inchi imodzi, imene ndi masentimita awiri ndi theka, ena theka la inchi. Malamba abwino amakhala ndi manambala pa bowo lililonse kuti wokwera asapendekere mbali imodzi. Chizolowezi chathu choboola lamba ndi msomali kapena nsonga ya mpeni n'choipa. Bowo lotero limakhala ndi kamng'alu kuyambira tsiku loyamba. Pali chida chake choboolera, ndipo khola lililonse liyenera kukhala nacho.

Chachisanu ndi utali ndi kutambalala. M'sitolo amayeza m'mainchi. Ana ndi anthu aafupi amagwiritsa ntchito a mainchi 48, amene ndi masentimita pafupifupi 122. Akuluakulu ambiri amakwanira a mainchi 54, masentimita 137. Aatali, komanso okwera miyendo itatambasuka, amafuna a mainchi 60, masentimita 152. Kutambalala kwa akuluakulu ndi inchi imodzi, a ana amachepera pang'ono, ndipo lamba ayenera kudutsa momasuka pa diso la chitsulo chopondapo. Pofuna kuyeza musanakwere, ikani nsonga za zala pa kachitsulo ka m'mwamba mwa chishalo, mutambasule mkono, ndipo chopondapo chifike kukhwapa. Lamba wotalikitsa amachititsa anthu kumukulunga pa chitsulo kapena kuboola mabowo awoawo, ndipo zonsezi zimafooketsa chikopa.

Mdalayo anawonjeza kuti lamba wabwino pa chopondapo cholakwika sapulumutsa munthu. Chopondapo chikhale chotambalala kuposa nsapato ndi inchi imodzi, theka mbali iyi theka mbali inayo. Chikathina, phazi limakanirira munthu akagwa. Chikakula kwambiri, phazi lonse limalowa. Imodzi mwa ngozi zoopsa kwambiri pa hatchi ndi kukokedwa pansi phazi litakodwa. N'chifukwa chake nsapato yokwerera iyenera kukhala ndi chidendene, osati teki kapena patapata, ndipo ana amaikiridwa zopondapo zokhala ndi mphira mbali yakunja amene amamasuka yekha. Kachitsulo ka m'mwamba mwa chishalo kali ndi kotsekera kumapeto kwake. Pokwera, kotsekerako kakhale kotsegula, kuti munthu akakokedwa lamba asololoke.

Tinamufunsa za mtengo, poti ndi pamene tinagwera. Anati malamba akale a chikopa chenicheni, ogula kwa munthu, akasokedwanso pachomangira amaposa atsopano onyezimira a pamsika. Kusokanso sikudula. Amathanso kufupikitsa lamba cha kuchomangira kuti malo okhulana ndi chitsulo asunthe. Koma chikopa chikang'aluka palibe mankhwala ake, ngakhale mafuta ochuluka bwanji. Lamba wotere mudulenidulen, anatero, chifukwa mukangomutaya m'bini wina adzamutola.

Kusamala amene muli nawo

Lamba wa kumanzere amatamuka msanga chifukwa ndiye wokwerera. Masabata angapo aliwonse asinthanitseni, wa kumanzere apite kumanja. Pokwera pondani pa chitsa kapena pa chokwerera, izi zimapepuza lamba komanso msana wa hatchi. Mukatsika, pukutani thukuta ndi fumbi ndi kansalu konyowa pang'ono, kenaka pakani sopo wa zishalo. Mafuta a chikopa akhale apatalipatali ndiponso ochepa, chifukwa akachuluka chikopa chimalobodoka n'kutamuka. Malamba akanyowa ndi mvula aume okha pamthunzi, osati pamoto kapena padzuwa. Kuno nyengo yozizira mpweya umauma kwambiri ndipo chikopa chosasamalidwa chimauma gwa, pamene nthawi ya mvula chimachita nkhungu chikatsekeredwa m'chipinda chopanda mphepo.

Kamodzi pa mlungu sololani malamba onse pachishalo, muunike malo atatu: msoko wa pachomangira, mabowo amene mumagwiritsa ntchito kawirikawiri, ndi popindikira pamene pamakhala chopondapo. Kuyang'ana kokha sikukwanira. Pindani ndi kukoka. Lamba wathu uja ankanyezimira mpaka tsiku limene anaduka.

Munthu akagwa

Monga a zaumoyo, tisasiye mbali iyi. Munthu akagwa pa hatchi, wina agwire hatchiyo kuti isamuponde. Wogwayo musamudzutse, musamukoke, musamuvule helemeti ngati akupuma bwino. Ngati akumva kupweteka khosi kapena msana, ngati manja kapena miyendo yachita dzanzi, kapena ngati wasokonezeka mutu, gwirani mutu wake kuti usagwedezeke mpaka a chipatala afike. Musamupatse madzi kapena chakudya, chifukwa mwina angafunike opaleshoni. Kuno ku South Africa nambala ya ambulansi ndi 10177, ndipo pa foni ya m'manja mutha kuimba 112.

Ngakhale munthu adzuke yekha n'kunena kuti ali bwino, ngati anamenyetsa mutu asakwerenso tsiku limenelo ndipo asasiyidwe yekha kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kusanza mobwerezabwereza, mutu wopweteka mowonjezereka, tulo tovuta kudzutsa, kulankhula mosokonekera, kukomoka, kufooka mbali imodzi, kapena madzi ndi magazi otuluka m'mphuno ndi m'makutu, zonsezi n'zothamangira nazo kuchipatala usiku womwewo. Helemeti imene yamenyedwa kamodzi yatha ntchito, ngakhale kunja ioneke yabwino.

Palinso kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo ndowe za mahatchi n'zodziwika nato. Bala lililonse la pakhola, ngakhale lobayidwa ndi waya, litsukidwe ndi madzi ambiri ndi sopo. Wogwira ntchito ndi ziweto afunse kuchipatala za katemera wa kafumbata, amene akuluakulu amalangizidwa kubwereza zaka 10 zilizonse. Titafunsa anzathu pa khola lathu, ambiri katemera womaliza amene amamukumbukira ndi wa ku pulaimale.

Mafoni awiri

Chovuta kuposa zonse chinali kunena zoona. Palibe amene anationa Lachisanu lija. Tikanatha kungoti lamba anaduka mwadzidzidzi, ndipo aliyense akanavomera. Ntchito kuno siipezeka wamba, ndipo pakhomo pathu pali ana atatu a sukulu. Mayi a kunyumba atamva nkhani yonse usiku, anangofunsa kuti, "Nanga Sabata likubwerali mukaima bwanji kutsogolo?" Tinagwada, tinapemphera, ndipo mmawa tinapita kwa abwana.

Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Anatifunsa kawiri ngati tinaonadi mng'aluwo. Tinavomera kawiri. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati nawonso analandira chenje chija osafunsa kuti malamba otsika mtengo chotero achokera kuti. Ntchito sinathe. Mlungu womwewo zishalo zonse za antchito zinapita kwa mdala uja, ndipo ziwiri sizinabwerenso.

Foni yachiwiri inali ya kumudzi. Tinayamba ndi kuwauza achemwali kuti mwana ali moyo ndipo akulankhula. Kenaka tinawauza zonse, za pamsika, za chenje, za Lachisanu. Analira. Atatonthola anati, "Achimwene, mukanandibisira n'kudzamva kwa ena, ndikanamuitanitsa mwanayo mawa lomwe. Poti mwanena nokha, akhale konko. Koma zinthu zake muzizigwira ndi manja anu." Tinalonjeza.

Ambuye Yesu anaphunzitsa pa Luka 16 kuti kukhulupirika kwa munthu kumaonekera pa zinthu zazing'ono. Tinkaganiza kuti phunziro limenelo limanena za ndalama zokha, ndipo tinkadziyesa okhoza chifukwa cha chenje chimene tinabweza. Sitinaganize kuti kusunga ndalama za abwana pogula chinthu choika moyo wa munthu pachiswe si ukapitawo. Lamulo lachisanu ndi chimodzi timaliona ngati la achifwamba, koma Mose analamulanso omanga nyumba kuti aziika kampanda padenga kuti munthu asagwe. Lamba wa pachishalo ndi kampanda kotero.

Owerenga ambiri a magazini ino sadzakwera hatchi. Koma pakhomo lililonse pali chinthu chimene wina anachiona kuti chatha n'kunena kuti tiona Lolemba: mabuleki a njinga imene mwana amapitira kusukulu, chingwe cha pachitsime, lamba wa helemeti ya wakabaza, waya wamagetsi wosupuka kuseri kwa kabati, chivundikiro cha chimbudzi chimene thabwa lake lafumbwa. Ngati simungathe kukonza lero, chichotseni pamene wina angachigwiritse ntchito. Tsitsani unyolo wa njingayo, masulani chingwecho, zimitsani magetsiwo. Zimenezo zimatheka dzuwa lisanalowe.

Mphwathu anakhala milungu isanu ndi itatu mkono uli pa nsalu, ndipo masiku oyamba kuwala ndi phokoso zinkamupweteka mutu. Za tsiku la ngozi sakumbukira kanthu mpaka lero. Adokotala atamulola, patatha miyezi itatu, anapempha yekha kukweranso. Tinamumangira chishalo ndi manja athu monga tinalonjezera. Iye anaima pambali kutiyang'ana, ndipo titamaliza anasolola lamba wa kumanzere, namupinda pa bowo lililonse, nakoka chomangira, nachita chimodzimodzi ndi wa kumanja. "Pepani malume," anatero, "sikuti sindikukukhulupirirani." Tinamuuza kuti azitero masiku onse a moyo wake, ngakhale womanga chishalo akhale ndani.

Zidutswa za lamba uja ndi helemeti yong'ambika zili m'chikwama chimodzi ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, ndipo timapita nazo kulikonse kumene tapemphedwa kuphunzitsa. Pa khola pathu tsopano zishalo timaunika Lachisanu mmawa, osati madzulo, ndipo pakhomo la chipinda chosungiramo pali mpeni wopachika pa msomali. Lamba wong'aluka amadulidwa ndi amene wamupeza, nthawi yomweyo, popanda kudikira chilolezo cha wina aliyense.